Kodi ndikhulupirire BMI kapena apongozi anga?

Mayi ena a ku Chibavi andilembera kuti ndi aatali mamita 1.6, amalemera makilogalamu 70, ndipo BMI yawo, yomwe ndi nambala yoyerekeza kulemera kwa thupi ndi kutalika kwa munthu, yakwana 27, kusonyeza kuti thupi lapitirira muyezo, pomwe apongozi awo amawayamikira kuti banja lawayanja. Akufunsa kuti akhulupirire ziti.

Mayi, funso lanu landikhudza chifukwa mawu a apongozi anuwo ndi omwe tinkawauza azakhali anga kwa zaka zambiri. Iwo ankagulitsa nsomba mumsika waukulu wa Mzuzu, kukhala pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tiyi wa shuga wambiri ali pambali chifukwa cha kuzizira kwa kunoku. Thupi litayamba kubwera, abale tonse tinakondwera kuti geni ikuyenda. Pamene anayamba kumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi usiku, kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga komanso kuthamanga kwa magazi. Chimene chimandiwawa kwambiri nchakuti madokotala atawalangiza kuti achepetse thupi, iwo ankazengereza poopa kuti anthu ayamba kunong'onezana kuti atenga kachilombo. Mantha amenewa tinawatengera m'zaka zimene Edzi inkatha anthu, ndipo ndikunenetsa kuti lero akuvulaza amayi ambiri mwakachetechete. Kunenepa si umboni wa mtendere wa m'banja, ndipo tiyenera kuleka kukuyamikira ngati mwayi.

Komabe sindikufuna kuti muitenge nambala ya 27 ngati chigamulo cha khoti. BMI imapezeka pogawa kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ndi thupi loyenera, 25 mpaka 29.9 ndi kupitirira muyezo, pomwe 30 kupita m'tsogolo ndi kunenepa kwambiri. Masamu amenewa anawayambitsa Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830 pofufuza anthu a ku Ulaya monga gulu, ndipo dzina loti BMI linaperekedwa ndi Ancel Keys mu 1972. Sikelo siisiyanitsa mafuta ndi minofu kapena mafupa. Mnyamata wa kabaza amene amapalasa njinga m'zitunda za Mzuzu tsiku lonse akhoza kukhala ndi 26 ali wathanzi ndithu, pomwe bambo wa mu ofesi wa miyendo yowonda ndi mimba yaikulu akhoza kukhala ndi 24 ali pachiopsezo, pakuti mafuta oundana m'mimba ndi amene amagwirizana kwambiri ndi shuga ndi matenda a mtima.

Nanga muchite chiyani?

Bwerekani tepi ya atelala muyeze m'chiuno, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, mutatulutsa mpweya. Muyezo usapitirire theka la msinkhu wanu, omwe kwa inu ndi masentimita 80. Kenako pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndi shuga musanayambe kumva kudwala. Ngati muli oyembekezera, BMI isiyeni kaye ndipo tsatirani uphungu wa kusikelo.