Musataye Zenith ya malemu bambo anu

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mnzathu wina amene malemu bambo ake anamusiyira Land Rover Series III ya petulo, injini ya malita 2.25. Akuti ikufuka utsi wakuda, petulo ikumwa ngati thobwa, ndipo mapulagi akumada ndi mwaye pakangopita masiku awiri. Amakaniko amuuza kuti kabuleta ya Zenith, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, inatha ntchito, agule ya Weber, kapena angozula injini yonse aikemo ya dizilo ya Toyota. Akufunsa kuti atani.

Achimwene, mwanditokosa pachilonda.

Malume anga anali nayo yotereyi, yaifupi ija ya mainchesi 88. Inkanyamula chilichonse: mabelo a fodya, odwala usiku, akwati, maliro. Iwo atatisiya inakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zinayi, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Tsiku limene ndinailiza koyamba ana a m'mudzi anathawa utsi. Ndinamasula kabuleta, ndinaikulunga m'nyuzipepala, ulendo wa m'tauni kwa makaniko wina amene anthu ankamutama. Mkuluyo sanafunse ngakhale funso limodzi. Anathothola kawaya ku bulashi yachitsulo n'kuyamba kutokosa majeti, tizitsulo ta timabowo todutsira petulo, uku akucheza za mpira. Ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikudziwa kanthu, ndalama n'kulipira, kuthokoza komwe.

Kufika kunyumba, utsi unachita kuwirikiza. Jeti ndi ya mkuwa, chitsulo chofewa, ndipo kabowo kake anakayeza ku fakitale. Ukalowetsamo waya wachitsulo wakakuza, ndipo sikabwereranso. Mpaka lero ndikaona munthu akutokosa jeti ndi waya kapena singano, mtima umandiwawa ngati akutokosa dzino langa.

Anandipulumutsa ndi agogo ena amene anagwirapo ntchito yokonza galimoto za boma kalekale. Anaitchera khutu ikulira itangoima, kenako anamanga kasikuluwu kosakanizira mafuta ndi mpweya mpaka kumapeto. Injini inangopitiriza kulira ngati palibe chachitika. "Mwana wanga, ikadakhala bwino ikadazima apa. Mafuta akulowera pakhomo lakuseri," anatero. Anatuma mwana kukazula galasi limodzi la luva pawindo, anayalapo sandipepa wosalala, n'kudonthezapo parafini. Pansi pa chivundikiro cha kabuleta anapakapo inki, n'kuyamba kuchikhutiza pagalasipo mozungulira ngati akulemba 8. Atachitembenuza, inki inali itachoka m'makona okha, pakati ili mbuu. Chitsulocho chinali chitapindika.

Ameneyu ndiye matenda a Zenith 36IV, ndipo aliyense amene wakhala nazo galimotozi amawadziwa. Kutentha kwa zaka zambiri, kuphatikizapo anthu omanga masikuluwu ndi mphamvu zonse ngati akumanga tayala, kumapinditsa chivundikiro. Chikapindika, kamphira kozungulira ka O-ring kamene kali m'kati sikatsekanso bwino, ndiye petulo amangotsetserekera kukhosi kwa kabuleta osadzera m'majeti. Kamphirako n'kosafika ndi pa chibangili cha khanda. Anthu akutaya makabuleta athunthu chifukwa cha kanthu kameneka.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani ya mphira imandikumbutsa petulo wathu. Kuno ku Malawi takhala tikusakaniza petulo ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumutcheza kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Sindikudandaula, ndalama zakunja zimapulumuka. Koma ethanol amakoka chinyontho, ndipo mphira zakale sagwirizana nazo. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siona vuto kwenikweni. Yongokhala, ngati ya malume ija, ukatsegula mbale ya fuloti, momwe kabuleta imasungira petulo, umapezamo zoyera ngati ufa wonyowa, mapayipi ataumiratu. Onjezani petulo wa m'zigubu amene tinkagula kwa mavenda m'nthawi ya mizere ya 2011 ndi 2012. Wina ndinamusefa pa kansalu, zotsalira zake mukadati ndasesa pabwalo.

Za Weber 34ICH sindinyoza. Ndi kabuleta yabwino ndipo mafuta imasunga. Koma ndinayendetsapo ya mnzanga pokwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, ndipo ndinaona kuti mpweya ukuiperewera poyerekeza ndi yanga. Komanso ngati vuto lili ku magetsi, Weber yatsopanoyo idzafukanso utsi womwewo, ndalama zitapita kale.

Koma zozula injinizo ndiye ayi. Poyamba ndimati ndinene kuti zili kwa inu, koma ndasintha maganizo ndikulemba pano. Injini ya 2.25 ndi yaulesi, inde, ndipo petulo siimumvera chisoni ngakhale ili bwinobwino. Koma ndi injini yoti mutha kuikonza pansi pa mtengo ndi masipanala ochepa. Series III anaipanga kuyambira 1971 mpaka 1985, zambirimbiri, ndipo zipangizo zake akuzipangabe ku Britain mpaka lero. Wokuuzani kuti muzule nthawi zambiri amakhala ali kale ndi injini ina pakona imene akufuna kukugulitsani, ndipo yanuyo adzaitenga ngati zitsulo zakutha. Mukadzamaliza kudula, kuwotcherera ndi kusintha mawaya, galimotoyo sidzaliranso momwe mumaimvera muli mwana ikutulukira pa msewu wa kumudzi.

Tsono muchite izi

Kabuleta musaikhudze kaye. Yambani ndi mapointi a magetsi opita ku mapulagi, mpata wake ukhale pakati pa 0.35 ndi 0.40 mm, mavavu 0.25 mm, kenako taimingi. Onetsetsani kuti choki ikutseguka yonse mukakankha kachingwe kake, ndipo m'sefa ya mpweya ija ya oyilo musadzaze kupyola mzere. Kambale kagalasi ka pa pampu ya mafuta kakuuzani ngati muthanki muli madzi kapena dzimbiri.

Zikapanda kusintha, yesani za agogo zija: injini itatentha, mangani kasikuluwu pang'onopang'ono, osakakamiza. Ikapanda kuzima, gulani paketi ya magasiketi a 36IV yokhala ndi O-ring ndi kavavu ka fuloti. Fulotiyo muigwedeze pafupi ndi khutu, mukamva petulo m'kati ndiye kuti inabooka. Majeti muwatsuke ndi mankhwala otsukira kabuleta n'kuwapopa ndi mpweya basi. Chivundikiro muchikhutize pagalasi monga anachitira agogo aja, ndipo galasi la luvalo mukabwezeretse pawindo mayi a kunyumba asanaone, ine langa ndinaliswa ndipo nkhani yake sinathebe.