Za buku la McGahern lomwe mwati palibe chikuchitika

Achemwali, mwafunsa ngati mupitirize kuwerenga Amongst Women, buku la John McGahern, mlembi wa ku Ireland, poti mwafika pakati koma mukungoona anthu akudya, kudula udzu ndi kupemphera korona basi. Ine ndikuti pitirizani, koronayo ndiye nkhani yake.

Taonetsetsani amene amayambitsa pemphero usiku uliwonse. Ndi Moran. Bamboyu anamenya nawo nkhondo yochotsa Angelezi ku Ireland, ufulu utabwera sanapezepo kanthu, maudindo anatenga ena, ndiye ulamuliro wake wonse unathera pakhomo pake ku Great Meadow. Akati tigwade aliyense amagwada, akakwiya nyumba yonse zii, ngakhale Rose mkazi wachiwiri uja amayenda monyang'ama. Chomwe chimandipweteka ine ndi cha Sheila, mmodzi mwa ana aakazi a Moran, mwana wanzeru anapeza mwayi wa ku yunivesite amafuna udokotala, bambo sanakanize poyera ayi, anangozizira nazo mpaka mtsikana anazisiya yekha n'kukalowa ntchito ya boma. Koma ana aakazi omwewo tchuthi chikangofika ali pa ulendo kubwerera kwawo, kumusamala ngati dzira. Luke yekha, mwana woyamba, ndi amene anapita ku London n'kuumitsa mtima.

John McGahern sanazitole patali izi. Anabadwa 1934, anakulira ku Leitrim, dera lakumudzi ku Ireland, mayi ake anali aphunzitsi ndipo anamwalira ndi khansa mu 1944 iye asanakwane zaka 10. Ana onse anasamukira kupolisi ya ku Cootehall komwe bambo awo anali sajeni, munthu wankhanza, womenya koma wosaphonya pemphero. Buku lake loyamba la 1963 analitcha The Barracks, kutanthauza nyumba ya apolisi, mukuona kale komwe linachokera.

Lachiwiri, The Dark, boma linaliletsa mu 1965 ati ndi lolaula, chifukwa linanena poyera zomwe bambo amachita kwa mwana wake m'nyumba. Ntchito yauphunzitsi ku Dublin inathera pomwepo, sukulu zinali m'manja mwa ansembe, komanso anali atakwatira mkazi wa ku Finland ukwati wa kuboma osati kutchalitchi, ndiye mlandu unakula kawiri. Akuluakulu amene anaona Censorship Board ya nthawi ya Kamuzu sangadabwe nazo. Anapita ku England, koma chodabwitsa patapita zaka anabwerera ku Leitrim komweko n'kugula kamunda, kumaweta ng'ombe pakati pa anthu omwe amawalembawo. Amongst Women inatuluka 1990 n'kufika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya mabuku ya Booker. Anamwalira 2006, anamuika pafupi ndi mayi ake ku Aughawillan.

Musayembekezere kuti wina aphedwa kapena chinsinsi chiululika kumapeto, kulibe zimenezo. Mukamaliza bwererani pa tsamba loyamba muone kuti pamene Moran wafooka amene akuopa mnzake ndi ndani. Ndipo ngati ili lakuvutani kuchedwa, buku lake lina la 2002, That They May Face the Rising Sun, musaliyambe kaye, limenelo ndiye ndi chaka chathunthu cha anthu oyandikana m'mbali mwa nyanja akungochezerana ndi kufunsana kuti kwagwanji.