Utsi wa kwathu kuno ukuchokera pa mbaula

Achimwene, mwafunsa kuti popeza maiko olemera anatukuka ndi utsi wa m'mafakitale, bwanji lero akutiuza ife kuti tichepetse mpweya wa kaboni, kodi si njira yotitsekereza kuti tikhalebe amphawi? Kumbali ina mukunena zoona. Britain, America ndi China chuma chawo chinakulira pa malasha ndi mafuta. Africa yonse siifika 4 peresenti ya kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha padziko lapansi, ndipo munthu mmodzi ku America amatulutsa matani oposa 13 pa chaka pamene wa ku Zambia safika ndi tani imodzi yomwe. Mlandu wa kusintha kwa nyengo si wathu.

Pomwe ndikusiyana nanu ndi pa ganizo lakuti chuma chikamakula ndiye kuti utsi nawonso uyenera kukula. Ku Britain utsi watsika pafupifupi ndi theka kuchokera mu 1990 chuma chikukulabe, ndipo mu September 2024 anatseka siteshoni yawo yomaliza yopanga magetsi ndi malasha. Inde, mafakitale awo ena anangosamukira ku Asia, choncho utsi wina anangousuntha, komabe wambiri anauchepetsadi.

Tibwere kwathu. Utsi wa Zambia wambiri suchokera m'mafakitale ayi, umachokera ku kudula mitengo, kutentha tchire, kutsegula minda yatsopano, kuotcha makala, ndi nkhuni zolowa m'mabalani a fodya. Kumbukirani 2024. Mvula inakana, a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti dziko lagwa m'tsoka, madzi ku Kariba anatsika, ndipo poti magetsi athu oposa 80 peresenti amadalira madzi, masiku ena tinkakhala mumdima maola 20. Mchemwali wanga kuno ku Chipata anaphimba sitovu ndi chitenje n'kubwerera pa mbaula. Mnyamata wowotcherera zitsulo pafupi ndi kwathu ankangokhala pakhomo pa shopu kudikira magetsi, mageti a anthu atangotsamira khoma. Koma m'mamawa mukaima m'mbali mwa msewu wolowera ku Kapata, njinga zinali mdipiti, iliyonse matumba atatu kapena anayi a makala, woyendetsa thukuta kamukamu. Malonda anafota chaka chimenecho, koma nkhwangwa sinapume. Ameneyo ndi utsi wa umphawi, ndipo wootcha makalayo sindingamunene, chimanga chake chinapsa m'munda ndipo ana amafuna nsima.

N'chifukwa chake ine ndimati kuno kum'mawa chitukuko chenicheni chingathe kuchepetsa utsi. Banja lokhala ndi magetsi odalirika ndi otsika mtengo siligula makala tsiku ndi tsiku. Mlimi wokolola zokwanira pa ekala yomweyo salowa m'nkhalango kukatsegula munda wina. Alimi ogwira ntchito ndi bungwe loteteza zachilengedwe la COMACO, amene amabzala mitengo ya gliricidia pakati pa mizere, amapeza chonde ndi nkhuni m'munda momwemo.

Za Maamba ndiye zimandivutitsa mtima. Siteshoni ija yopanga magetsi ndi malasha, ya mamegawati 300, anayamba kuiwonjezera ena 300 mu 2024, ndipo amene anagonapo mumdima sangaikane msanga, inenso sindiikana. Koma sola ya ku Chisamba ya mamegawati 100, imene inatsegulidwa mu 2025, yaonetsa kuti dzuwa lomwe linatentha chimanga chathu lingayatse nyumba. Ndalama zikapezeka, ndikanakonda zambiri zipite kumeneko.

Tsono ngati mukufuna pokwiyira, achimwene, tikwiye pa ndalama. Maiko olemera analonjeza mu 2009 madola 100 biliyoni pa chaka ofika 2020, koma anachedwa kukwaniritsa. Ndipo ndalama za kaboni zimene zikulowa m'madera a mafumu ku chigwa cha Luangwa chifukwa chosunga nkhalango, anthu a m'midzi ali ndi ufulu wofunsa pa msonkhano kuti zabwera zingati, ndipo zamanga chiyani.