Paipi ya petulo isadutse njira yachidule

Owerenga wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo kufunsa malo oyenera kumangirira regulator, kachipangizo kolamulira pulesha ya mafuta, pa Toyota Starlet yake ya turbo, ndiponso ngati pali vuto kudutsitsa paipi yatsopano ya petulo mbali ya ekizozi, popeza kumeneko ndiko kufupi. Akuti chiikireni pampu yaikulu ya mafuta, galimotoyo ikumafuka utsi wakuda ikamalira itaima. Achimwene, mawu akuti "kufupi" aja andikanda pachilonda, choncho mundipirire ndiyambe ndi zanga.

Ndinali ndi galimoto ngati yanuyo, ya injini ya 4E-FTE, yomwe ndinaigula itatopa kale n'kumaidzutsa pang'onopang'ono malipiro akalowa. Nditaika pampu yaikulu, makaniko wina wa ku Luwinga, amene sindimutchula chifukwa mlanduwo tinagawana, anati paipi yachitsulo ya kufakitale yachepa. Tinagula paipi ya labala yopanda chilembo chilichonse, tinaidutsitsa m'ngalande ya pansi pa galimoto momwe mumadutsa ekizozi, n'kuimanga ndi tizingwe tapulasitiki. Ntchito inatha dzuwa lisanapendeke, ndipo ine ndinapita kunyumba ndikudzitama kuti ndapulumutsa ndalama.

Patatha miyezi itatu tinkachokera ku Nkhata Bay, ine ndi mayi a kunyumba, titanyamula nsomba kumbuyo. Pokwera zitunda zija injini inagwira ntchito yolemetsa kwa nthawi yaitali, ndipo iwo ndiwo anayamba kunena kuti fungo la petulo laposa la nsomba. Ndinaima, ndinazimitsa injini, ndinagona pansi kusuzumira. Madontho a petulo ankagwera pa ekizozi n'kumalira ngati madzi pa chiwaya chamoto. Paipi ija inali itauma gwa ngati chinangwa cha padzuwa, itang'ambika pamalo pamene kachingwe kena kanasungunuka n'kuilola kutsamira chitsulo. Mayi anakaima patali ndi dengu lawo osanena kanthu, ndipo kukhala chete kumeneko ndimakukumbukira kuposa ndalama zomwe ndinalipira wokoka galimoto.

Chomwe ndinaphunzira mochedwa n'chakuti mapaipi a mafuta ali ndi magulu, ndipo gulu limalembedwa pa paipi pomwepo. Yolembedwa SAE J30R7 ndi ya pulesha yochepa, monga ya galimoto za kabuleta, zomwe mafuta ake safika ngakhale theka la bar (bar ndi muyeso wa pulesha). Injini ya ma injector, timipopi tofayira mafuta mu injini, imayendera pafupifupi 3 bar ndipo imafuna J30R9. Kachidutswa kamene kamakhala m'kati mwa thanki, komizidwa m'petulo usana ndi usiku, kamafuna J30R10, chifukwa mapaipi enawo kunja kwake sikunapangidwire kunyowa ndi mafuta. Pamwamba pa izi, petulo wathu kuno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene anayamba kupanga ethanol ku Dwangwa, ndipo ethanol sagwirizana ndi labala wachikale kapena wachabechabe. Lero paipi yopanda chilembo sindiigula ngakhale wogulitsa alumbire motani, ndipo galimoto imene ndaona paipi yotere pansi pake sindikwera.

Palinso chizolowezi china chimene chimandinyansa. Anyamata ambiri amayesa regulator ndi kabatani kowonjezera liwiro, moti amangopotokola wononga wake mpaka singano ya geji ya pulesha itakwera, kenako n'kukayesa galimoto pa msewu wa ku Ekwendeni. Ntchito ya regulator ndi kusunga kusiyana kofanana pakati pa pulesha ya mafuta ndi pulesha ya mpweya wa mu manifold (njira yolowetsa mpweya mu injini), kuti injector ikatseguka kwa nthawi yakutiyakuti izitulutsa muyeso womwe kompyuta ya injini ikuyembekezera. N'chifukwa chake ili ndi kapaipi ka mpweya: turbo ikakankha mpweya wa 1 bar, mafuta ayenera kukwera kuchoka pa 3 kufika pa 4 bar, osapitirira apo. Mukakweza nokha poyambira kuchoka pa 3 kupita pa 4, mafuta otuluka amangowonjezereka ndi pafupifupi 15 peresenti, pamene pampu ikuvutika kwambiri ndipo ikutumiza mafuta ochepa pa nthawi imene injini ikuwafunitsitsa. Petulo wosapsa amatsuka oyilo m'makoma a masilinda n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo yense. Amene amachita zimenezi popanda chipangizo choyezera kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta akungolota, ndipo ndikunena izi monga munthu amene ndinapotokolapo wononga ameneyu.

Tsono regulator ikhale pati?

Ikhale pambuyo pa rail (paipi yogawira mafuta ku ma injector), kutanthauza kuti mafuta achoke m'thanki, adutse pampu, sefa ndi rail ya ma injector, kenako afike pa regulator, otsala abwerere kuthanki. Regulator ya kufakitale muichotse, ziwiri zisalimbane pa mzere umodzi. Yatsopanoyo muimangirire pa khoma lolekanitsa injini ndi okwera, kutali ndi turbo, ndipo kapaipi kake ka mpweya kachokere ku manifold mwachindunji, kakhale kafupi ndi komangidwa bwino, chifukwa kakavuka turbo ikukankha, injini imasowa mafuta ndipo mapisitoni amapsa.

Utsi wakuda uja ndikuganiza kuti ukuchokera kobwerera. Injini ikamalira itaima imamwa pang'ono, choncho pafupifupi zonse zimene pampu yaikulu yatumiza ziyenera kubwerera, ndipo regulator yaing'ono kapena paipi yobwerera yopapatiza imalephera kuzitulutsa, pulesha n'kukwera yokha. Ikani geji, injini ikulira itaima muvule kapaipi ka mpweya n'kukatseka, muwerenge. Mukakabwezera singano iyenera kutsika ndi pafupifupi theka la bar. Ikakana kutsika, yang'anani kobwerera musanakhudze china chilichonse.

Za njira ya paipi yankho ndi lakuti ayi. Tsatirani momwe anadutsitsa a kufakitale, mbali yopanda ekizozi, pamwamba pa zitsulo za pansi kuti mahampu ndi miyala ya m'misewu ya ku Zolozolo isaikhudze. Muimange ndi makilampu achitsulo okhala ndi labala pafupifupi masentimita 30 alionse, ndipo paliponse pamene ikuboola chitsulo pakhale mphira yoteteza. Mukamaliza yendetsani pampu osaliza injini, mupukute polumikiza ponse ndi kansalu kouma n'kukanunkhiza, chozimira moto chili pambali panu.