Unyolo woduka umene uli kumapazi kwa Statue of Liberty

Mayi wina wandilembera imelo sabata yatha. Akuti mwana wawo anaona chithunzi cha chiboliboli cha Statue of Liberty, cha ku New York kuja, ndipo anawafunsa mafunso awiri amene anawasowetsa chonena: "N'chifukwa chiyani ndi chobiriwira? Nanga ndi zoona kuti anachimanga pofuna kulandira alendo obwera kudzakhala ku America?"

Mayi, ndiyambe ndi funso lopepukalo. Chiboliboli chija sanachipake utoto. Khungu lake ndi la mkuwa, wopyapyala zedi, mamilimita 2.4 okha, ndipo pomwe ankachitsegulira chinali chofiirira ngati mkuwa wina uliwonse. Mphepo ya kunyanja ndi mvula ndi zimene zinachisandutsa chobiriwira m'zaka makumi angapo zoyambirira. Kubiriwirako kumateteza mkuwa wamkati kuti usadyeke, n'chifukwa chake anangokusiya.

Funso lachiwiri ndi limene landikhalitsa pansi, chifukwa yankho lake ndi lakuti ayi, ngakhale ambiri amakhulupirira choncho.

Ganizo linachokera ku France, kwa katswiri wa malamulo dzina lake Édouard de Laboulaye. Munthu ameneyu ankadana ndi ukapolo ndi mtima wake wonse, moti ankatsogolera bungwe lolimbana nawo m'dziko lake. Mu 1865 nkhondo yapachiweniweni ya ku America inatha, ndipo chaka chomwecho ukapolo unathetsedwa mwalamulo. Kwa Laboulaye, dziko limene linalengeza ufulu wake mu 1776 linali litangoyamba kumene kuchita zimene linalonjeza. Anafuna kuti anthu a ku France apereke mphatso yoyamikira zimenezi. Wosema anali Frédéric Auguste Bartholdi, ndipo chimango chachitsulo chamkati, chimene chimagwira mkuwa wonsewo kuti usagwe ndi mphepo, chinakonzedwa ndi Gustave Eiffel, yemwe uja anadzamanga nsanja ya ku Paris. Laboulaye anamwalira mu 1883 osaiona mphatso yake itaima.

Tsopano taonetsetsani chithunzicho pamodzi ndi mwana wanu. Dzanja lamanja lanyamula muuni. Lamanzere lafungatira cholembapo chokhala ndi tsiku la 4 July 1776. Koma tsikani ndi maso mpaka pansi pa mkanjo. Chidendene chakumanja chatukuka, mayi wosemedwayu akuyenda, sanaime. Ndipo pamapazi pake pali unyolo woduka ndi goli lachitsulo lothyoka. Bartholdi poyamba anaganiza zoti unyolowo ukhale m'manja, poonekera, koma mabala a nkhondo anali asanapole, ndiye anautsitsa pansi. Lero munthu amene waima pachilumba pamene pali chibolibolichi n'kuyang'ana m'mwamba sangauone bwino, chifukwa chiboliboli chotalika mamita 46 chakhala pamwamba pa maziko aatali, ndipo kuchokera pansi kufika pa muuni ndi mamita 93. Izi zimandipweteka mtima. Chinthu chimene chinabala ntchito yonseyi ndi chimene chinabisika.

Chibolibolicho chinafika ku New York mu June 1885 pa sitima yapamadzi yotchedwa Isère, chili zidutswa 350 m'mabokosi 214. Chinapeza maziko asanathe, ndalama zitavuta. Joseph Pulitzer, mwini nyuzipepala ya New York World, analonjeza kusindikiza dzina la aliyense wopereka, ngakhale kangachepe. Anthu oposa 120,000 anasonkha madola oposa 100,000, ambiri mwa iwo osafika ndi dola imodzi yomwe, ena ali ana asukulu.

Pa 28 October 1886 Pulezidenti Grover Cleveland anatsogolera mwambo wotsegulira. Si onse anawomba m'manja. Amayi omenyera ufulu wovota anabwereka boti lawo n'kuyandikira chilumbacho, akudandaula kuti dziko likuimika mkazi ngati chizindikiro cha ufulu pomwe akazi enieni sakuloledwa kuponya voti. Anadikira mpaka 1920 kuti ufuluwo ufike m'dziko lonse. Nyuzipepala ya anthu akuda, Cleveland Gazette, inalemba kuti chibolibolicho achikankhire m'nyanja kufikira tsiku limene munthu wakuda adzathe kudyetsa banja lake popanda kuopa kuphedwa. Ine sindiwaona ngati onyoza. Iwo ndi amene anamvetsa tanthauzo la unyolo uja kuposa amene ankalankhula pamwambowo.

Nanga za alendo zinabwera bwanji? Zinabwera ndi alendowo. Mu 1892 boma linatsegula malo olandirira obwera pachilumba cha Ellis Island, pafupi pomwepo, ndipo pofika 1954 anthu pafupifupi 12 miliyoni anali atadutsapo. Taganizirani munthu amene wakhala masiku ambiri m'chipinda cha pansi pa sitima, mothithikana, akuthawa njala kapena chizunzo, kenaka akukwera pamwamba m'mamawa n'kuona mkono wotukula muuni. Sankafunika womuuza za Laboulaye. Kwa iye chinkatanthauza kuti wafika. Ndakatulo ya Emma Lazarus, imene imachitcha mayi wa othawa kwawo, inalembedwa mu 1883 pothandiza kusonkha ndalama za maziko, koma inaiwalika mpaka 1903 pomwe anaikhoma mkati mwa mazikowo. Ndipo ngakhale nthawi imeneyo khomo silinali la aliyense: lamulo la 1882 linali litatsekera kale antchito ochokera ku China.

Choncho mwana wanu sanalakwitse kwenikweni, mayi. Tanthauzo limene anamvalo ndi lenileni, kungoti ndi lachiwiri, linabwera pambuyo, ndipo linakula mpaka kuphimba loyamba. Mukamamufotokozera, mufufuze chithunzi chojambulidwa kuchokera m'mwamba, pamene mapazi akuoneka bwino. Mumusonyeze pomwe unyolo ukutulukira pansi pa mkanjo, kutsogolo kwa phazi lamanzere, mphete yomaliza itaduka.