Mafunso ndi Mayankho: Kachilombo ka m'phanga la ku Malosa

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Domasi. Mwezi watha ndinapita ndi ophunzira a kalabu ya zachilengedwe m'mbali mwa phiri la Malosa, ndipo titalowa m'phanga lina la pansi pa matanthwe tinaona kachilombo kathupi lophwatalala, lotalika pafupifupi masentimita 3, katakakamira kudenga. Kali ndi manja aminga ndi miyendo iwiri yopyapyala kwambiri imene kankaiyendetsa uku ndi uku, ndipo titakaunika kanathawa chammbali ngati nkhanu. Ophunzira ena ankati ndi kangaude, ena ankati ndi chinkhanira chopanda mchira, koma onse ankagwirizana kuti kakaluma munthu safika kuchipatala. Ndatumiza chithunzi. Kodi ndi kachilombo kanji, ndipo popeza tinakapeza m'phanga, kodi sikangakhale ka mtundu watsopano umene akatswiri sanaulembepo? — Mphunzitsi, Domasi, Zomba

YANKHO: Zikomo aphunzitsi chifukwa cha kalata yanu ndi chithunzi chooneka bwino. Choyamba muwatsitse mtima ophunzirawo, chifukwa kachilomboka kalibe ululu, kalibe mbola, ndiponso sikaluka ukonde. Choipa chimene kangachite ndi kukanda chala ndi minga ya m'manja mwake ngati munthu wakafinya. Si kangaude ndipo si chinkhanira, ngakhale kuti ndi kachibale ka onse awiri m'gulu lalikulu la Arachnida. Kali m'gulu lakelake lotchedwa Amblypygi, dzina limene katswiri wa ku Sweden, Tamerlan Thorell, analipereka mu 1883, ndipo mitundu yake yodziwika ndi yoposa 200, yambiri mwa iyo yokhala m'maiko otentha.

Mukayang'anitsitsa chithunzi chanucho muona kuti kakuimira miyendo isanu ndi umodzi yokha. Iwiri yakutsogolo, yopyapyala ija, ndi miyendo ndithu, koma siyendera: ili ndi timfundo tambirimbiri ndi timaubweya timene kachilomboka kamamvera fungo, kugwedera kwa mpweya ndi chilichonse chimene kakhudza mumdima. Pachithunzipo wakumanzere ndi wamfupi kuposa unzake, zomwe zikusonyeza kuti unadukapo. Umenewo udzaphukanso kachilomboka kakafundula, pakuti tizilomboti timapitiriza kufundula ngakhale titakula kale. Manja aminga aja, opindidwa kutsogolo kwa kamwa, ndiwo ogwirira mphemvu, njenjete ndi tizilombo tina timene kamadya usiku.

Akatswiri amagawa gulu la Amblypygi m'mabanja asanu, omwe ndi Paracharontidae, Charinidae, Charontidae, Phrynichidae ndi Phrynidae. Kuno kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kachilombo kakakulu chotere kamakhala ka m'banja la Phrynichidae, pamene ta m'banja la Charinidae ndi tating'onoting'ono, nthawi zambiri tosafika ndi sentimita imodzi ndi theka. Pali njira yophweka yotsimikizira zimenezi imene ngakhale ophunzira a Fomu 2 angaichite popanda makina alionse. Ta m'banja la Charinidae tili ndi timapazi tomata kunsonga kwa miyendo, choncho timatha kukwera galasi, pamene tatikulu ta m'banja la Phrynichidae tilibe timapazi totere. Mukakaika kachilomboka m'botolo lagalasi loyera kwa kanthawi kochepa, n'kuona kuti kakuterereka osatha kukwera, ndiye kuti mwadziwa mbali imene kali.

M'banja la Phrynichidae, magulu awiri oyenera kuwaganizira m'dera lathu lino ndi Damon ndi Euphrynichus, ndipo kusiyana kwake kuli m'manja. Manja a Euphrynichus ndi aatali, oonda, ndipo minga yake ikuluikulu imaunjikana kunsonga, pamene manja a Damon ndi onenepako ndipo ali ndi minga yondandalikana m'chigawo choyamba cha dzanja. Pachithunzi chanu minga ikuoneka bwino m'chigawo chimenecho, ndipo miyendo yoyendera ili ndi mizeremizere yoderapo ndi yoyererapo. Pa zifukwa zimenezi ine ndikuona kuti kachilombo kanu ndi ka gulu la Damon, ndipo pamenepa m'pamene chithunzi chimathera mphamvu.

Dzina la mtundu wake weniweni silingachokere pachithunzi, ngakhale chitajambulidwa ndi foni yodula chotani, ndipo amene angakuuzeni dzinalo mwachangu atangochiyang'ana akungolota. Damon variegatus, amene katswiri wina dzina lake Perty anamulemba mu 1834, ndi wofala kumwera kwa Africa, pamene Damon diadema, wolembedwa ndi katswiri winanso, Simon, mu 1876, amadziwika kwambiri ku Kenya ndi ku Tanzania, ndipo kwa munthu wongoona ndi maso, mitundu iwiriyi imafanana zedi. Maonekedwe a khungu sathandiza kwenikweni, popeza amasintha malinga ndi msinkhu komanso nthawi imene yapita chifundulireni. Kutalika kwa manja nakonso kumasocheretsa, chifukwa m'mitundu yambiri manja a kamphongo amatalika kuposa a kakakazi, moti munthu angayese kuti wapeza mitundu iwiri pamene wapeza kamphongo ndi kakakazi ka mtundu umodzi. Zimene katswiri amafufuza amazionera pa maikulosikopu. Amawerenga minga ya m'manja ndi kuyeza kutalika kwa uliwonse, amawerenga timano ta pa zibwano, amaona kuti mwendo wachinayi wagawika pangati ndi mmene timaubweya tomvera tayalidwira pamenepo, kenaka amatsegula kachivundikiro ka kunsi kwa mimba kuti aone ziwalo zoberekera, zimene makamaka mwa kakakazi ndizo zimasiyanitsa mitundu momveka. Masiku ano amawonjezeranso kuyeza DNA. Mu 2005, akatswiri atatu, Lorenzo Prendini, Peter Weygoldt ndi Ward Wheeler, anaunika motere tizilombo ta gulu la Damon tofanana ndi Damon variegatus, ndipo anapeza kuti tina ta ku Namibia tinali mtundu wapadera umene anautcha Damon sylviae. Choncho funso lanu lakuti mwina ndi mtundu watsopano si lachibwana, kungoti yankho lake silili pa nkhani ya phanga.

Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Kupezeka m'phanga sikupangitsa kachilombo kukhala ka m'phanga. Tizilombo ta Amblypygi timataya madzi a m'thupi msanga, n'chifukwa chake masana timabisala pamalo amdima ndi achinyezi: m'ming'alu ya matanthwe, pansi pa makungwa a mitengo, m'mphako, ngakhale m'zimbudzi zokumba. Phanga ndi amodzi chabe mwa malo oterewa. Mitundu ya m'phanga yeniyeni, imene singakhale kunja, imakhala ndi zizindikiro zake: khungu lotuwa, maso aang'ono kwambiri kapena osakhalapo n'komwe, ndi miyendo yaitali mopitirira poyerekeza ndi thupi. Chitsanzo chodziwika ndi Charinus troglobius wa m'mapanga a ku Bahia m'dziko la Brazil, amene analembedwa mu 2002. Koma ngakhale kusakhala ndi maso pakokha si umboni wokwanira, popeza Paracharon caecus, amene katswiri wina dzina lake Hansen anamulemba mu 1921 kuchokera ku Guinea-Bissau, alibe maso koma anapezeka m'zulu za chiswe. Kachilombo kanu n'koderako ndipo pachithunzipo maso awiri apakati akuoneka pa kachotupa kutsogolo kwa mutu. Kuwonjezera apo, mapanga ambiri a m'mapiri a Zomba ndi Malosa ndi mipata ya pansi pa matanthwe osanjikizana, osati mapanga akuya a m'miyala ya laimu amene mumdima wake mumabadwira mitundu yosaona. Mukadzapitanso kumeneko kukangoda muli ndi tochi, mudzaunike matanthwe ndi mitengo ya kunja kwa phangalo, ndipo mukadzapezanso tina kumeneko mudzadziwa kuti phangalo ndi pongobisalira masana.

Ngati mukufuna kuti dzina lake lidziwike, musayambe ndi kugwira. Phiri la Malosa lili m'nkhalango yotetezedwa imene amaiyang'anira ndi a Dipatimenti ya Zankhalango, ndipo kutumiza zamoyo za m'dziko muno kwa akatswiri akunja kumafuna chilolezo cha boma. Njira yabwino ndi kuonana ndi aphunzitsi a zamoyo ku University of Malawi mumzinda wa Zomba momwemo, amene angakuuzeni za zilolezo ndi kasungidwe. Katswiri adzafuna kamphongo ndi kakakazi takulu bwino, tosungidwa mu ethanol (mowa waukali woteteza kuti tisawole), m'botolo momwe muli kapepala kolembedwa ndi pensulo kosonyeza malo, tsiku ndi pamene kachilombo kanali. Pensulo ndiyo yoyenera chifukwa inki ya bolopeni imasungunuka mu ethanol. Akadzayerekeza ndi mitundu yonse yodziwika n'kupeza kusiyana kosasinthasintha, m'pamene amalemba kufotokoza kwake m'magazini ya akatswiri, amasankha kachilombo kamodzi koimira mtunduwo kuti kasungidwe ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo amapereka dzina la mawu awiri motsatira dongosolo limene linayamba ndi katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, mu 1758. Ntchito imeneyi imatenga nthawi yaitali. Padakali pano, m'kope la kalabu yanu lembani kuti Damon sp., kutanthauza kuti gulu ladziwika koma mtundu sunatsimikizidwe. Ngati m'phangamo muli mileme, ophunzira asamafukule ndowe zake zouma, chifukwa fumbi lake lingathe kukhala ndi nkhungu yoyambitsa matenda a m'mapapo otchedwa histoplasmosis.

FUNSO: Akonzi, kuseri kwa mulu wa njerwa pakhomo panga ndinapeza kachilombo kophwatalala, kamiyendo yaitali ndi manja aminga, kali ndi tina toyererako tambiri pamsana. Kodi ndi matenda, ndipo ndikaphe? — Mayi wa ku Chinamwali, Zomba

YANKHO: Mayi, musakaphe, ndipo si matenda ayi. Malinga ndi mmene mwafotokozeramu, ndi kachilombo ka gulu lomweli la Amblypygi, ndipo toyererato ndi ana ake. Kakakazi kamanyamula mazira m'kathumba komatirira kunsi kwa mimba kwa miyezi ingapo, ndipo ana akaswa amakwera pamsana pa make n'kukhala pomwepo osadya kufikira atafundula koyamba. Mwana amene wagwa nthawiyi isanakwane kawirikawiri sapulumuka, choncho musakasunthe ndi tsache. Ngati njerwazo simukuzifuna msanga, zisiyeni kwa sabata ziwiri kapena zitatu kuti anawo abalalike okha. Ngati mukuzifuna, kakankhireni pang'onopang'ono m'kabokosi ndi chikatoni, n'kukakasiya pamthunzi pansi pa miyala kapena mitengo yogwa, kutali ndi nkhuku.