Kodi amplifaya ingayatsidwe popanda sipika?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chilomoni amene amaimba besi gitala kutchalitchi kwawo. Amalume ake amutumizira amplifaya kuchokera ku Johannesburg, koma ndi mutu wokha, wopanda bokosi la sipika. Iye akufuna aziyeserera usiku ndi mahedifoni chifukwa nyumba ndi ya lendi ndipo khoma ndi limodzi ndi aneba. Ndiye akufunsa kuti, kodi chinthucho sichipsa akachiyatsa popanda sipika?

Achimwene, musanayatse, itembenuzeni kaye muisuzumire kumbuyo. Yankho lagona pa zomwe muone mkatimo.

Mukaona machubu agalasi akuluakulu angati mababu, olembedwa EL34, 6L6 kapena 6550, pambali pake pali zitsulo ziwiri zolemera, dziwani kuti imeneyo siyenera kulira popanda sipika ngakhale pang'ono. Chimodzi mwa zitsulozo ndi thiransifoma imene imalandira mphamvu kuchokera ku machubu n'kuipereka ku sipika. Machubuwo amagwira ntchito ndi mavoti 400 kapena 500, ena kuposa apo. Sipika ikakhalapo, mphamvu yonse imapita kukagwedeza pepala lake. Ikasowa, mphamvuyo imabwerera mmbuyo, mavoti n'kukwera kufika masauzande. Amakaniko a ku Ndirande amazidziwa bwino izi, chifukwa koyilo ya galimoto imapangira moto wa mapulagi mwa njira yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'galimoto motowo amaufuna, pomwe mu amplifaya umathetheka pa miyendo ya machubu kapena kuboola vanishi wa mawaya a thiransifoma.

Ine ndinaziona pa ukwati wina ku Bangwe. Mwana anakodwa pa chingwe cha sipika pothamangira pelekanipelekani, gitala n'kungoti zii. Mnzanga amene ankaimba gitalayo, poganiza kuti vuto ndi gitala, anakweza voliyumu n'kumakhwatcha mawaya mwamphamvu. Posakhalitsa kunamveka kafungo ngati ka ayironi yoiwalidwa pa malaya. Fyuzi inaduka, koma inaduka mochedwa. Thiransifoma yotero simungaipeze pa shelefu ku Limbe, ndipo tinadikira miyezi ingapo kuti ibwere kuchokera kunja.

Ena amati ukaika pa standby palibe vuto. N'zoona kuti pa amplifaya zambiri switchi imeneyo imadula mavoti akulu aja, koma chala chimaiwala. Enanso amadalira kuti amplifaya zakale zambiri za Fender zili ndi jaki, polowetsera chingwe cha sipika paja, imene imadzitseka yokha mukazula chingwe. Chitetezo chimenecho chimatha chingwe chikakhala cholowetsedwa ku amplifaya koma mbali inayo ili lendelende, monga zinachitikira ku Bangwe kuja.

Ngati mkatimo mulibe machubu, kapena muli kachubu kamodzi kakang'ono ka 12AX7 kokometsera mawu chabe, ndiye kuti mphamvu ikuchokera ku matransista. Ma amplifaya ambiri a besi a masiku ano, opepuka aja oti munthu n'kunyamula ndi dzanja limodzi mu minibasi, ndi otere. Amenewa popanda sipika amangopuma, lowetsani mahedifoni muziimba mpaka tambala alire. Mdani wawo ndi wina: kuwasenzetsa katundu wopyola. Katunduyo ndi masipika, ndipo amayezedwa mu ma ohms: nambala ikamatsika, katundu amakula. Masipika awiri a 8 ohms mukawalumikiza pambalipambali amakhala 4 ohms, anayi amakhala 2 ohms, ndipo ngati kumbuyo analemba kuti osatsika pa 4, matransista amatentha. Chizolowezi chathu chomangowonjezera masipika pa msonkhano wa chitsitsimutso chapha ma amplifaya ambiri.

Nanga yanu ikapezeka kuti ndi ya machubu? Pali kabokosi kotchedwa load box kamene kamalowa m'malo mwa sipika. Kamameza mphamvu yonse n'kuisandutsa kutentha, ndipo tambiri tili ndi potulukira mahedifoni kapena chingwe chopita ku kompyuta. Two Notes Torpedo Captor ndi kamodzi kodziwika. Ma ohms ake afanane ndi a amplifaya, ndipo mawati ake apose a amplifayayo. Apa oimba besi musamale kwambiri, chifukwa Ampeg SVT ya machubu imatulutsa mawati 300, pomwe timabokosi tambiri tinapangidwira magitala a mawati 100 okha. Mmisiri wodziwa angakupangireni ka marezisita akuluakulu pa mtengo wotsikirapo, koma kamatentha zedi, musakaike pa matiresi.

Polumikiza mugwiritse chingwe cha sipika chenicheni, chonenepa chija. Cha gitala n'chopyapyala mkati, chikatentha chimaduka, ndiye mwabwereranso pa amplifaya yopanda katundu. Ndipo musatsegule chitsulo chake kuti muone bwino, chifukwa makapasita amasunga mavoti oopsa ngakhale mutazula pulagi ku khoma. Jambulani kumbuyo kwakeko ndi foni, zolembedwa zonse zioneke, munditumizire pa imelo yomweyi.